Kalata ya Amalume Yopita kwa Kazembe

Mutu 7

1. Mwana wa mafunso

Ku Chinyonga aliyense ankadziwa kuti Felicia Malunga ndi mwana wa mafunso. Ukamutuma mchere, ankabwera nawo mcherewo pamodzi ndi mbiri ya wogulitsayo: kwawo, mpingo wake, ndi chifukwa chimene mkazi wake anamuthawira. Aphunzitsi ake a Fomu 3 akaona Felicia wakweza mkono, ankayamba ayang'ana kaye wotchi.

Koma panali funso limodzi limene linatha masiku khumi ndi asanu ndi anayi osapeza woliyankha. Achemwali ake a Marjorie atuluka liti?

Marjorie anali mkulu wake wa Felicia. Ankagwira ntchito ku bungwe lina lophunzitsa achinyamata kuyang'anira chisankho, kutanthauza kukhala pafupi ndi bokosi la mavoti osaphethira mpaka voti yomaliza itawerengedwa. Achinyamata a dziko lina la muno mu Afirika anamuitana kuti akawaphunzitse zomwezo. Dzina la dzikolo tilisiye, poti ena a ife tikufunabe kudzapondako.

Pa tsiku lachitatu la maphunzirowo apolisi analowa m'holo. Anatenga Marjorie, anatenga mabuku ake, anatenga ndi choko chomwe. Mlandu wake akuti ankafuna kugwetsa boma. Ndi choko, abale.

Nkhaniyi inkamveka pa wayilesi m'mawa ndi madzulo. Ankati boma lathu lapempha kuti limuone, ndipo akazembe a mayiko angapo akukambirana ndi boma la kumeneko. Mawu oti "akukambirana" ndiwo ankamuyabwa Felicia. Akukambirana ali kuti? Atakhala pansi kapena ataimirira? Nanga munthu amene wakumangira m'bale umacheza naye zotani kwa masabata atatu?

Amayi ake ankangokhala pakhonde, foni ili pamiyendo, kudikira kuti ilire.

Lachisanu m'mawa, Felicia akukonzekera kupita kusukulu, amalume ake a Pearson anatulukira kuchokera ku Chigumula atavala jekete ya Lamulungu. A Pearson anali mlongo wawo wamkulu wa amayi a Felicia, ndiye kuti mwini mbumba. Kwathu kuno nkhani ya mwana, ikhale ya ukwati, ya mlandu kapena ya maliro, imayambira kwa malume n'kukathera kwa malume. Anali kalipentala wopuma ntchito, munthu woongoka ngati thabwa limene wapala yekha.

2. Chenjezo la mwini mbumba

"Lero kusukulu usapite," anatero a Pearson atakhala pampando. "Khala pansi, iwe Felicia, ndipo pakamwa pakopo upapatse tchuthi pang'ono."

Anatulutsa pepala m'thumba la jekete.

"Ndamva pa wayilesi kuti kazembe wa dziko limene lasunga mwana wathu abwera lero ku Chichiri, ku chionetsero cha zamalonda. Ali ndi tebulo lawo kumeneko, akuonetsa nsalu ndi mafuta ophikira. Ndamulembera kalata. Ine Chingerezi changa n'cha pa zikwangwani, ndiye iwe uimasulire, ukaitayipitse ku Limbe. Undipeze pa geti la chionetsero 2 koloko. Ndikasayina, ndikamupatsa m'manja."

Felicia analandira ndi manja awiri n'kuwerenga. Kalatayo inali yaifupi:

*Ife abale a Marjorie Malunga tagwada pamaso panu. Mwana wathu walakwa. Wakuputani m'nyumba mwanu momwe. Olakwa enieni ndife, amene tinalephera kumulanga ali wamng'ono. Mukhululukireni, ndipo tikulonjeza kuti sadzabwerezanso.*

Tchuthi cha pakamwa chinathera pomwepo.

"Amalume, kodi achemwali alakwa chiyani?"

A Pearson anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Kunyumbako onse ankadziwa kuti chipewa chikafika pabondo, tiyi azizira.

"Mwana iwe, tamvera. Kupepesa sikudikira kulakwa. Mbuzi yako ikapezeka m'munda mwa mnzako, suyamba ndi kufunsa kuti mpanda anaphwasula ndani. Umadzichepetsa, umavomera. Mtima wa mwini munda ukazizira, m'pamene mumayamba kuona kuti chimanga chadyedwa n'chochuluka bwanji. Umu ndi mmene takhalira ndi anthu chiyambire. Iwe utagenda mwana wa a Eliot uli Sitandade 2, ine ndinafunsa kuti anayamba ndani? Ndinangonyamula nkhuku. Lero ine ndi a Eliot timapatsana moni pamsewu.

"Ndiye pali china. Inu ana a masiku ano mwabadwa pakamwa pali potsegula. Ife tinakula nthawi ya chipani chimodzi. Malemu mkulu wanga anatengedwa pantchito dzuwa likuswa mtengo, chifukwa cha nthabwala imene ananena m'basi. Malume athu sanalembe chikwangwani, sanapite kwa loya. Ankapita kukagwada ku maofesi, ulendo ndi ulendo, mpaka thalauza lawo linabooka m'mawondo. Patatha zaka ziwiri munthu anatuluka wamoyo. Mnzake amene abale ake anakweza mawu, sitinaone ngakhale bokosi lake.

"Kwa eni kulibe mkuwe. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mkulu wakoyo wasiya mlomo. Za akazembe akumwa tiyiwo ine sindizidziwa, mwana si wawo. Ine ndikufuna mwana wamoyo, osati mwana wolungama wopachikidwa pachithunzi pakhoma. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Uwamvere amalume ako," anatero amayi ake, maso ali pa foni.

Felicia anali ndi mafunso ena asanu ndi awiri, koma anawameza onse ngati mapiritsi. Anakhala pa tebulo, namasulira kalatayo mawu ndi mawu, n'kunyamuka.

3. Sitolo ya mbendera

Ku Limbe malo otayipira ndi ambiri. Felicia anadutsa atatu osalowa. Miyendo yake inkadziwa kumene ikupita.

Kuseri kwa msewu wa masitolo a nsalu kunali sitolo ya makope ndi zolembera ya a Nooruddin. Pamwamba pa khomo pankalendewera kambendera kachilendo, ndipo pambali pake panali kachitsulo kolembedwa kuti mwini sitoloyo ndi kazembe waulemu wa dziko lina la ku Ulaya. Dziko limenelo Felicia analimva pa wayilesi kuti lili m'gulu la mayiko okambirana aja. Mwayi woona kazembe ndi maso, ngakhale wogulitsa makope, sakanaulola kuti umudutse.

"Odi kuno, bambo."

"Lowani, chemwali," anayankha bambo wa imvi, magalasi ali pansonga ya mphuno. "Mukufuna makope, inki, kapena mwabwera kudzaona mbendera? Ndakuonani mwaima panjapo kukamwa kuli yasa."

"Kodi ndinu kazembe zoona?"

"Theka. M'mawa ndimagulitsa makope. Masana ndimagulitsa makope. Koma mzungu wa dziko lija akataya pasipoti pa phiri la Mulanje, ndimavala tayi."

"Munapitako kudzikolo?"

"Kawiri. Kumazizira ngati m'firiji ya kubutchala. Ine ndinabadwira pa Limbe pompano, pamwamba pa sitolo ino. Funso lina? Ndikuona lili kale pakhosi."

"Akazembe akamati akukambirana, amakhala akutani kwenikweni?"

"Amamwa tiyi."

"Basi?"

"Nthawi zina pamakhala mabisiketi." A Nooruddin anaseka, nakoka mpando wa pa kompyuta. "Bweretsa ntchitoyo, mwanawe. Ndimatayipa ndi zala ziwiri, koma n'zala zaulemu."

Anayamba kugogoda. Mzere woyamba unatha bwino. Pa mzere wachiwiri chala chinaima m'malere. Anakankhira magalasi m'mwamba n'kuwerenga pepala lonse mpaka pansi.

"Marjorie Malunga ndi ndani wako?"

"Ndi achemwali anga."

"Ndipo kalata iyi ikupita kuti?"

Felicia anafotokoza zonse: amalume, chionetsero, tebulo la mafuta ophikira, 2 koloko.

A Nooruddin anachotsa manja pa makinawo.

"Wandifunsa za tiyi ndipo ndakuyankha mocheza. Tsopano ndikuyankhe zenizeni. Ankhoswe umawadziwa?"

"Eya. Amalume ndi nkhoswe ya maukwati khumi ndi umodzi."

"Chabwino. Akazembe ndi ankhoswe a mayiko. Samenyana, satukwana, amakhala pansi. Abwana anga, kazembe weniweni amene amakhala ku Lilongwe, pamodzi ndi anzake asanu ndi mmodzi, anasayina kalata imodzi. Boma lathu nalo linalemba yake. Onse akunena chinthu chimodzi: mtsikanayu sanalakwe, onetsani umboni, apo ayi mutulutseni. Sabata yoyamba amapempha mwaulemu. Sabata yachiwiri amasiya kubwera ku maphwando ako. Ukawaitana kudzatsegulira mlatho, mipando yawo imakhala yopanda anthu, ndipo ojambula amajambula mipandoyo. Kenako nduna yako ikafuna kupita ku mayiko awo, chiphaso cholowera chimachedwa. Palibe wakweza mawu. Koma nsapato imanka ithina pang'onopang'ono, mpaka mwini wake amaivula yekha."

Maso a Felicia anawala. Aka kanali koyamba kuti munthu amuyankhe funso mpaka kumapeto.

"Ndiye bwanji sanaivule mpaka lero?"

"Akufunafuna chowiringula. Nyuzipepala ikuti Lolemba mkulu wako akaonekera kukhothi, ndipo umboni alibe. Akhala akuusaka masiku onsewa." Anagogoda pepala lija ndi chala. "Ndiye iwe wawabweretsera. Wangotsala kutayipidwa bwino."

"Koma amalume akungofuna kuwaziziritsa mtima! Sakutanthauza kuti achemwali analakwadi."

"Ndikudziwa. Kwathu kuno munthu amavomera mlandu kuti mnzake atsike, ndipo onse awiri amadziwa kuti ndi ulemu chabe. Mawa amadyera limodzi. Woweruza wa kumeneko sadziwa zimenezo, ndipo ngakhale atadziwa, angachite ngati sakudziwa. Kalata iyi adzaiwerenga pa kanema, adzati onani, abale ake enieni avomera. Pamenepo ankhoswe athu aja adzapinda makalata awo."

"Mlandu umenewo ndi wa zaka zingati?"

"Akuti khumi ndi zisanu."

Felicia anakhala pa katoni ya makope osapempha. Kunja wogulitsa nthochi ankakangana ndi wa kabaza amene anagunda dengu lake.

"Nanga kalata yothandiza ingakhale yotani?" anafunsa.

"Yaulemu womwewo, koma yosavomera bodza. Yopempha kuti amuone loya ndi dokotala, kuti alankhule ndi mayi ake. Ndipo idzere ku unduna wathu woona za ubale ndi mayiko ena, osati pakati pa mabotolo a mafuta."

Felicia anayang'ana kompyuta, nayang'ana pepala. Mutu wa mwana wochenjera suchedwa kupeza njira yachidule, ndipo njira zachidule zambiri zimadutsa m'munda mwa eni.

"Bambo, amalume Chingerezi sachimva. Bwanji titayipe yabwinoyo? Akasayina osadziwa. Iwo akondwa, achemwali apulumuka."

A Nooruddin anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Zitheka. Makinawa safunsa. Koma tamvera, mwana wanga. Bambo amene uja wakupatsa pepala lake chifukwa maso ake sangathe kuwerenga Chingerezi, ndiye wabwereka ako. Ukamunamiza lero, wamuchititsa khungu kawiri. Akakaima pamaso pa kazembe, pakamwa pake pazikanena kuti mwana walakwa, pepala likunena kuti sanalakwe. Adzaoneka ngati chitsiru pagulu, mu jekete yake yabwino. Ndipo tsiku limene adzadziwe, palibenso chimene udzamasulire m'nyumba mwanu chimene adzakhulupirire, ngakhale pepala la kuchipatala. Ine ndakhala pa kauntala iyi zaka makumi anayi. Kasitomala amakhululukira sitolo yodula, koma sakhululukira sikelo yabodza.

"Kalata ndi ya banja lanu. Ukati tayipani iyi, nditayipa. Ukati inayo, nditayipa. Pakati pa mwana ndi malume ake ine sindilowapo. Ndinali nawo malume inenso, mpaka lero khutu ili limamva kuwawa kukamazizira."

Felicia anayang'ananso pepala lija. Kenako anaimirira n'kutambasula manja awiri.

"Musatayipe iliyonse. Ndipatseni pepalalo."

"Ukawauza chiyani?"

"Zimene mwandiuzazi."

"Akakukalipira."

"Akakalipa, eya."

A Nooruddin anafufuta mizere iwiri ija pa kompyuta. "Akafewa mtima ubwere nawo kuno. Tiyi alipo. Mabisiketi tiona."

4. Pa geti la chionetsero

Ku Chichiri kunali piringupiringu. Zimkuzamawu zitatu zinkaimba nyimbo zitatu zosiyana, ana asukulu ali pamizere, fungo la tchipisi lili ponseponse. A Pearson anaima pansi pa mtengo pafupi ndi geti, tikiti yolowera ili m'dzanja, cholembera chili m'thumba la pachifuwa.

"Wasunga nthawi," anatero. "Bweretsa ndisayine."

Felicia anagwada pafumbi pomwepo, anthu akuona. Anapereka pepala lomwe lija lolembedwa pamanja.

"Sindinaitayipitse, amalume."

"Magetsi anazima?"

"Ayi. Ndinakana ndine."

Nkhope ya a Pearson inauma. Analankhula motsitsa, ndipo amene amawadziwa akanakonda kuti akuwe.

"Wakana. Iwe. Ndinakunyamula pa dzanja limodzi ili tsiku limene unatuluka m'chikuta, lero wakula mpaka kumakana mawu anga? Ukudziwa kuti mkulu wako akugona pasimenti? Tsiku lililonse limene iwe ukusewera ndi nzeru zako za Fomu 3, iye akuliwerenga ndi nthiti. Mwana wosamva amakulira pamaliro, Felicia. Sukulu tinakutumizani kuti mutithandize kuwerenga, osati kuti muzitiweruza. Dzuka apo, usandichititse manyazi."

Felicia sanadzuke.

"Amalume, ndiloleni funso limodzi. Limodzi lokha. Mukandiyankha n'kunenabe kuti ndikatayipitse, ndipita."

"Funso lako limodzi limabereka ana. Funsa."

"Inu mwaimirapo anthu ambiri pa milandu. Tiyerekeze mwaimirira pabwalo, mukukanira mwana wa eni kuti sanabe. Mwakana sabata yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Odandaula asowa mboni, atsala pang'ono kugonja. Ndiye malume wa mwanayo n'kutulukira, n'kunena pagulu kuti mwana wathuyu wabadi, mukhululukireni. Inu mungatani?"

"Ndingatole chipewa changa n'kumapita. Ndingakanire bwanji mwana amene mwini wake wa..."

Mawu anathera panjira.

Felicia anafotokoza msangamsanga, mawu akupondana. Ananena za akazembe asanu ndi awiri ndi kalata yawo, za kalata ya boma lathu, za khothi la Lolemba lopanda umboni, za zaka khumi ndi zisanu. Sanabise kuti wazimva kwa a Nooruddin ogulitsa makope. Sanabisenso kuti anaganiza zowasayinitsa kalata ina mwakabisira, n'kuleka.

A Pearson anamvetsera mpaka kumapeto osamudula. Kenako anatsamira mtengo uja.

"Kalelo kunalibe wotikanira," anatero. "Tinali tokha, ndiye tinkagwada. Ukuti pano alipo anthu aimirira m'malo mwathu?"

"Alipo, amalume."

"Ndiye ine ndimati ndikawathyole miyendo."

Anamugwira mkono n'kumudzutsa. Felicia anawayang'ana kumaso. Ankayembekeza kuona mpumulo pankhope pawo, koma anaona mantha.

"Amalume, kwagwanji? Kalata ili pano. Palibe chalakwika."

"Ndinalemba ziwiri."

"Ziwiri?"

"Ndinati mwina ku Limbe magetsi avuta, kapena iwe uchedwa ndi mafunso ako. Inayo ndinapatsa a Joseph, mkulu wa mpingo wathu, amene anali mphunzitsi uja. Anaimasulira okha pamanja, ine n'kusayina. Tinagwirizana kuti iwe ukapanda kufika ndi yotayipa, iwo apereke yawoyo. Ndinawauza kuti akaona 2 koloko yadutsa ine osalowa, asadikire."

"Ali kuti?"

"Alowa kale. Foni sayenda nayo, amati imasokoneza mapemphero."

Felicia anagwira mkono wa amalume ake n'kuyang'ana wotchi. Inali itadutsa 2 koloko ndi mphindi khumi ndi ziwiri.

A Pearson anamufumbatitsa tikiti yawo.

"Mawondo angawa sangafike. A Joseph avala malaya oyera ndi tayi yofiira, anyamula ambulera ngakhale kulibe mvula. Uwauze kuti watumidwa ndi ine, mwini mbumba, kuti kalatayo ibwerere. Akakana uwalande, tidzapepesa mawa. Thamanga, mwana iwe!"

Felicia anaponya tikiti m'dzanja la mlonda n'kulowa. Anadutsa oonetsa mathirakitala, anadumpha chingwe cha tenti ya ogulitsa uchi, anaphwasula mzere wa ana a pulayimale ogwirana malaya. Mphunzitsi wawo anamukuwira mawu amene sitingawalembe m'buku la sukulu.

Kumapeto kwa mzere wa matenti anaona tebulo lalitali, mabotolo a mafuta atasanjidwa, nsalu zili lendelende. Kumbuyo kwake kunakhala kazembe uja, bambo wonenepa wa suti yakuda, akumwetulira ndi kugwira anthu chanza mmodzimmodzi. Pamzere wa opereka moni panali ambulera yopinda ndi tayi yofiira. Patsogolo pa a Joseph panatsala mayi mmodzi yekha.

Felicia anakuwa dzina lawo, koma chimkuzamawu cha tenti yoyandikana chinameza mawu ake. Mayi uja anagwira chanza, nawerama, napatuka.

A Joseph anakoloweka ambulera pamkono, nakonza tayi, napisa dzanja m'thumba momwe munali kalata ija.